Belu la Diso Pakhomo pa Sisitala Nkhanga

Padangotero, padangokhala. Muli nane? Vomeranitu ndimve, ndisamayankhule ndi makoma.

Idali nthawi imene nyama zidali zitayamba kuyenda ndi mafoni m'matumba. Kudali mayi wina dzina lake Nkhanga, namwino wamkulu pa chipatala cha nyama, ndipo aliyense ankangomuitana kuti Sisitala. Ana a mbawala, a nguluwe, a anyani, onse ankabadwira m'manja mwake, koma iye adali asanalerepo wakewake. Chaka chimenecho mwamuna wake adakodwa pa msampha akuchokera kumunda, osabwereranso. Adamusiyira nyumba ya chipinda chimodzi ndi mazira khumi ndi awiri.

Sisitala akaweruka ankawafungatira mazirawo. M'mawa ankawafunditsa bulangete, n'kukhoma chitseko, n'kupita ku ntchito. Pakhomo pankatsala Kopolo Bwampini, msilikali wopuma, amene adali bwenzi la malemu kuyambira paunyamata. Pa tsiku la maliro iye adanena pamaso pa onse kuti, "Alamu, mazira amenewa ndilondera ine mpaka aswe." Ndipo ankalonderadi. Ankakhala pa kampando pafupi ndi chitseko, chibonga pamiyendo, masaya otukumuka ndi mtedza, paja abwampini chakudya amasunga m'masaya.

Tsono kudali Likongwe, kanyama kowonda ka mchira wautali, kamene kakamva fungo la dzira kamaiwala ndi dzina la amayi ake lomwe. Tsiku loyamba adafika ngati wapaulendo.

"Kwagwanji, Likongwe?" adafunsa Bwampini.

"Ndikungodutsa, aKopolo."

"Njira ili uko. Kuno n'kukhomo kwa eni."

Tsiku lachiwiri adazembera kuseri kwa nyumba, koma adangomva chibonga chikudutsa pamutu pake, vuu! Adaliyatsa liwiro. Ali patali adaima, n'kunena yekhayekha kuti, "Nkhalamba imeneyi sindingaichotse ndi mphamvu. Aichotse yekha mwini nyumba."

Adasowa masiku anayi. Pobwera adali atavala ovolosi yabuluu, makwerero paphewa, chikwama cha zitsulo m'manja, ndipo aliyense womupatsa moni ankamuuza kuti tsopano iye ndi Injiniya. Adayambira kwa Sajeni Njiri, mkulu wa apolisi, n'kumuikira pakhomo belu la mtundu watsopano lokhala ndi kamera, osamulipiritsa kanthu. Sajeni adayenda dera lonse akuonetsa anthu foni yake. "Onani khomo langa ilo! Onani njinga yanga iyo, pomwe ndaisiya!"

Kenako Likongwe adakadikira Sisitala pa geti la chipatala.

"Sisitala, pepani za bambo aja. Zidatikhudza tonse. Ana ali bwanji m'zigobamo?"

"Alipo. AKopolo akuwayang'anira."

"AKopolo!" Likongwe adapukusa mutu. "Munthu wabwino kwabasi. Koma dzulo masana ndimadutsa, ndinamva mkonono ndikadali pamsewu. Sindikuwanena ayi. Ukalamba suona nkhope."

Adatulutsa m'chikwama kanthu kakuda kotalika ngati chitsononkho, kali ndi kagalasi kozungulira kumtunda ndi batani kumunsi.

"Ili ndi belu la diso. Timalikhomera pambali pa chitseko. Munthu akangofika pakhomo, foni yanu imalira, mumamuona, mumayankhula naye muli konkuno. Siligona, silidwala msana, silipita kokataya madzi. Kafunseni a Sajeni."

Sisitala tsiku lililonse ankagwira ntchito mtima uli kunyumba. Atamva kuti angathe kuona khomo lake ali m'wodi, sadafunsenso zambiri. "Mubwere Loweruka," adatero.

Madzulo ake adauza Bwampini. "Alamu, mwatopa nane. Kapumeni. Kwabwera makina."

"Makinawo ali ndi chibonga?"

"Ali ndi diso."

"Diso limaona, alamu, koma silimenya."

"Likaona, ine ndiimbira a Sajeni."

Bwampini sadatsutse. Adanyamula kampando kake n'kukakhala pakhomo pa una wake, tsidya lina la msewu.

Likongwe adati ntchito yake ndi ya theka la ola. Idadya masiku awiri athunthu. Adaboola khoma kumanja kwa chitseko, adati netiweki sikufika. Adaboola kumanzere, adati dzuwa lizilowa m'galasi. Khoma lidasanduka sefa. Chiboolero chidathyoka, masikuluwu ena adasowa, ndipo foni ya Sisitala idakana kumvana ndi belu, akuti yadzaza, mpaka adafufuta zithunzi zonse za malemu kuti mupezeke malo. Kenako Likongwe adati waya ayenera kulowa m'nyumba, ndipo adasema bowo kumunsi kwa chitseko.

"Bowo lonseli n'la kawaya kamodzi?" adafunsa Sisitala.

"Waya amafuna mpweya, Sisitala. Akapanikizika amatentha, nyumba n'kupsa."

Nthawi yonse imene adali pa makwerero ankaimba. Nyimbo yake idali yotamanda diso losaphethira, losapempha chakudya, limene limalera ana a mayi wopita ku ntchito. Idali ya mawu ochepa, yokwera katatu n'kutsika kamodzi, ndipo kumapeto kwake kudali poti anthu avomere motsanzira kulira kwa belu. Oyandikana nawo amene adabwera kudzaonerera adaigwira msanga, ankavomera akuwomba m'manja. Atamaliza, Likongwe adaijambula nyimboyo n'kuiika mu foni ya Sisitala, kuti belu likaona kanthu, foni iziimba yomweyo.

Lolemba m'mawa Sisitala akuti abaye jakisoni mwana wa Nyani, foni idaimba. Adayang'ana, koma chithunzi chinkangozungulirazungulira osatseguka. Adasiya jakisoni, liwiro la kunyumba. Adapeza gulugufe atatera pa kagalasi. Adabwerera ali wefuwefu. Asanavale n'komwe magolovesi, nyimbo ija! Adathamanganso. Lidali tsamba. Kachitatu udali mthunzi wa chitenje chake chomwe chimene adayanika pachingwe. Pofika madzulo adali atathamanga kasanu ndi kawiri, ndipo Dokotala Dokowe, mkulu wa chipatala, adamuitanira mu ofesi.

"Sisitala, odwala anu ndi awa ali m'wodimu kapena agulugufe?"

Sisitala adaimbira Likongwe. "Injiniya, belu lanu lindipha."

"Vuto lake likuonetsetsa. Lili pansi kwambiri, ndiye likuona ndi zinyalala zomwe. Tilikweze."

Adabwera ndi makwerero, adakwera akuimba ya diso losaphethira ija, oyandikana nawo akuvomera, ndipo belu lidakakhomedwa pafupi ndi denga.

Foni idakhala chete. Sisitala akayang'anamo ankaona nyanga za odutsa pamsewu basi, mtima wake n'kukhala m'malo. Lachiwiri madzulo adapeza Abusa Fulu ali pakhomo, Baibulo pambali.

"Abusa, mwafika liti?"

"M'mawa, mwana wanga. Ndimati tipemphere limodzi. Koma batani lanulo mudaikira anyamalikiti."

Sisitala adapepesa, koma sadaganize mopitirira. Lachitatu ataweruka adavundukula bulangete n'kuwerenga monga mwa masiku onse. Khumi. Adawerenganso. Khumi. Adagwedeza bulangete, adasuzumira pansi pa bedi, kenako adaimbira Likongwe.

Likongwe adafika msanga, adatenga foni, n'kuyamba kuonetsa. "Onani nokha. Eyiti koloko, palibe munthu. Teni koloko, palibe. Masana onse, palibe. Chitseko mwachipeza chokhoma?"

"Chokhoma."

"Diso silinaone munthu, chitseko n'chokhoma. Ndiye walowa ndani?"

"Koma anali khumi ndi awiri."

"Sisitala, chisoni chimasokoneza mutu. Inu mwaferedwa, ntchito yakuchulukirani. Mwina munaikira khumi."

Sisitala adayang'ananso mazira m'bulangete. Adayamba kudzifunsa ngati adawerengadi bwino pachiyambi.

Apo Bwampini adawoloka msewu. "Alamu, ine ndinali kumunda kwanga lero, sindinaone amene walowa. Koma pa bowo apo pali ubweya wofiirira, ndipo fungo lake ndikulidziwa."

Likongwe adaseka mpaka adagwira makwerero. "Ubweya wanga umenewo, inde! Si paja ndinagwada pomwepo polowetsa waya? AKopolo akufuna mpando wawo, Sisitala. Ndikuwamvetsa."

"Alamu, makina sanaone kanthu," adatero Sisitala.

"Makinawo akuyang'ana kumwamba. Wakuba dzira sauluka."

"Kapumeni, alamu."

Bwampini adabwerera. Likongwe adati pofuna kukhazika mtima wa Sisitala pansi alipukuta galasi, ndipo adakwera akuimba. Ovomera adali atachepa, poti ena adali atayamba kuyang'anana. Iye atapita, Sisitala adatseka bowo lija ndi nsanza, nyumba ipse ipse.

Lachisanu magetsi adazima. Cha m'ma teni koloko Sisitala adayang'ana foni, adangoona mdima bii. Adafuna kuthamanga, koma pa benchi padali odwala mpaka panja, ndipo Dokotala Dokowe adamuyang'ana ndi diso limodzi. Adapirira mpaka kuweruka. Nsanza adaipeza ili pamalo pake. Mazira adapeza asanu ndi awiri.

Tsiku limenelo adalira mokweza, mpaka a nyumba yachitatu adamva. Likongwe adafika chipewa chili m'manja, nkhope yogwa ngati wabwera pa maliro.

"Magetsi akazima, belu limadalira batire," adatero atatsika pa makwerero. "Batire ndaipeza yatheratu. Koma imeneyi imayenera kukhala mwezi wathunthu. Alipo amene akuiseweretsa."

"Ndani?"

"Ine sinditchula munthu, Sisitala. Ntchito yanga ndi mawaya. Koma dzifunseni nokha. Ndani amakhala moyang'anizana ndi belu, woti kanyali kake kakazima amaona? Ndani belu lidamulanda mpando? Ndipo masaya aja, mudasuzumiramo kuti mumakhala chiyani?"

"Amene aja ndi alamu anga."

"Ine ndangofunsa."

Adaika batire ina, akuimba yomwe ija ya diso lolera ana. Ulendo uno adavomera ndi Sajeni Njiri yekha, amene ankadutsa pa njinga. M'mawa mwake Bwampini adapereka moni ali tsidya lina, koma Sisitala adayankha akuyang'ana kumbali.

Bwampini adaona kuti zinthu zafika poipa. Adasiya kupita kumunda. Lolemba, Sisitala atangochoka, iye adakabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni pafupi ndi chitseko, chibonga m'manja. Dzuwa litakwera adaona Likongwe akubwera chokwawa m'mbali mwa khoma, wopanda ovolosi, wopanda chikwama. Asanadzuke n'komwe nkhalambayo, Likongwe adali atasolola nsanza n'kulowa, psiti!

Bwampini adayesa bowo, mutu wokha sudakwane. Adakankha chitseko, chokhoma. M'kati adamva chigoba chikusweka, kenako chinanso. Adaluma mano, n'kuima pambali pa bowo chibonga chili m'mwamba.

Likongwe atakhuta adaganiza za ndiwo zamadzulo. Adakunkhuniza dzira limodzi kutulukira pa bowo, kenako lachiwiri, iye n'kutsatira. Chibonga chidatsika, gwa! Chidaphonya mutu, chidapeza mchira. Likongwe adakuwa, adadumpha, adazimirira.

Mazira awiri adatsala pa dothi. Bwampini adawakhudza, adali ofunda. Kuwabwezera pa bowo, akagubuduzika pa simenti yozizira, ndipo wakuba abweranso. Kuwasiya panja, akhwangwala. Adalavula mtedza wonse umene udali m'kamwa, adatola dzira limodzi n'kuliika tsaya la kumanja, linalo la kumanzere, mosamala ngati mayi wobereka khanda. Tsono amuuza bwanji mlamu wake? Foni adalibe. Adayang'ana belu lili kudenga, adayang'ana mabowo amene Likongwe adasiya pakhoma, n'kuyamba kukwera, bowo ndi bowo, mawondo akulira. Atafika adakolekera dzanja pa belu, n'kudina batani.

Ku chipatala foni idaimba, ndipo kwa nthawi yoyamba chithunzi chidatseguka pompo, choyera bwino. Nkhope ya Bwampini idadzaza foni yonse, maso ali tong'o, masaya otupa kuposa kale, ndipo pakona ya milomo pankaoneka kansonga ka chigoba cha mawangamawanga.

"AKopolo! Muli ndi chiyani m'kamwa?"

"Mmm! Mmm!" adayankha Bwampini. Adachotsa dzanja limodzi kuti aloze kumene wakuba wathawira, phazi lidaterereka, ndipo chithunzi chidauma pomwepo, pa nkhope ya masaya otupa ija. Sisitala adaimbira Sajeni.

Sajeni Njiri ndiye adayamba kufika. Adapeza Bwampini atakhala mopingasa chitseko, chibonga pamiyendo. Nkhalambayo itaona yunifomu idakondwa, idaimirira, idapereka sawatcha.

"Lavula!" adakuwa Sajeni.

Bwampini adapukusa mutu. Adaloza dothi louma, adaloza chipewa cha Sajeni, kutanthauza kuti amupatse pofewa polavulira.

"Ukundilozanso chala? Ndati lavula!"

Mbama idagwa tsaya la kumanja, phwa! Ina la kumanzere, phwa! Nthawi yomweyo Sisitala adatulukira ali wefuwefu, ndipo chimene adaona ndi zigoba za mazira ake zikutuluka m'kamwa mwa Bwampini, zosakanikirana ndi magazi.

"Ndi Likongwe, alamu," adatero Bwampini, mawu akutuluka movutikira. "Ndamupeza akutulutsa. Awa ndinamulanda."

Anthu adali atasonkhana. Pakati pawo padatulukira Likongwe, ovolosi itavalidwa bwinobwino, mchira ataubisa m'kati.

"Ndamva dzina langa," adatero mofatsa. "Ine sindikangana ndi akuluakulu. Tifunse diso, bwana, poti ilo lilibe m'bale."

Adatenga foni ya Sisitala n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone. "Pali Likongwe apa? Yang'anitsitsani. Amene mukuona ndani?"

Onse adaona masaya. Onse adaona chigoba.

Sisitala adayandikira Bwampini. "Iwe Bwampini, unkadya mbale imodzi ndi mwamuna wanga. Unalumbira pa manda ake. Lero wadya ana ake?"

Sajeni adalamula kuti dzuwa lisanalowe Bwampini akhale atachoka m'deralo, ndipo adamulanda chibonga. Nkhalambayo idanyamula kampando kake pamutu, idapita osacheuka.

"Wakuba wapita, Sisitala," adatero Likongwe. "Tsopano mupume."

M'bulangete mudatsala mazira atatu. Sisitala adapempha tchuthi, adawakhalira masiku atatu osatuluka. Tsiku lachinayi Dokotala Dokowe adaimba.

"Sisitala, Mayi Mbawala ali pano, mwana wakhala mopingasa. Dzanja lodziwa kutembenuza ndi lanu lokha. Mukachedwa titaya onse awiri."

Sisitala adayang'ana mazira, adayang'ana foni. Adadziuza kuti wakuba adapita kale. Adawafunditsa, adatseka bowo ndi njerwa, adathamanga.

Koma padali chinthu chimene ngakhale Likongwe sadachione. Tsiku limene Bwampini adalendewera pa belu, sikuluwu ya kumtunda idazuka, ndipo belu lidawerama. Tsopano linkayang'ana pansi, pa bowo penipeni.

Sisitala manja ali m'kati mwa ntchito, foni idaimba pa tebulo. Adatembenuza khosi. Adaona njerwa ikusuntha. Adaona mchira womangidwa bandeji ukulowa pa bowo. Posakhalitsa dzira lidatuluka likugubuduka, lachiwiri, lachitatu, kenako Likongwe, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo ngati pa nyumba yake.

"Dokotala, ana anga!"

"Mukachotsa dzanja pano, mayiyu wapita," adatero Dokowe.

Sisitala adatambasula khosi n'kudina foni ndi mlomo. "Likongwe! Ndakuona!"

Koma mawu a pa belu limenelo ankayenda ngati Abusa Fulu. Pamene ankatulukira pakhomo, Likongwe adali akunyambita chigoba choyamba. Adadzidzimuka, adayang'ana kumwamba, adaona belu litawerama. Kenako adaseka.

"Aa, Sisitala! Lero netiweki yagwira bwino, eti?"

"Ndisiyire awiriwo. Ndikukupempha. Sindikakunenera kulikonse."

Mawu adafika iye ataswa kale lachiwiri.

"Mukudukaduka, Sisitala. Sindikukumvani."

"Limodzi lokha! Ndisiyire limodzi!"

Likongwe adanyamula lomaliza, adaliyang'anitsa ku kagalasi kuti Sisitala alione bwino, n'kuyamba kuimba. Maimbidwe adali omwe aja, okwera katatu n'kutsika kamodzi, koma mawu adali atasintha. Tsopano nyimbo inkathokoza mayi wachifundo amene adathamangitsa chibonga n'kutsegulira mlendo kakhomo kakekake. Atafika povomera adaima, adatchera khutu ku belu ngati akudikira kuti Sisitala avomere. Chimene chidamveka m'wodimo ndi kulira kwa mwana wa Mbawala, amene adali atangobadwa.

Sisitala sadasambe n'komwe m'manja. Adapita molunjika ku polisi.

"Ndi Likongwe! Ndamuona ndi maso anga, pa foni iyi!"

"Tionetseni," adatero Sajeni.

Sisitala adadina apa, adadina apo, osadziwa kumene belu limasunga zimene laona. Sajeni adayesa naye, zidakanika.

"Wodziwa makina amenewa ndi mmodzi yekha," adatero Sajeni. "Kaitaneni Injiniya."

"Bwana, ameneyo ndiye wakubayo!"

"Ndiye tiitane ndani? Inu mukutha?"

Likongwe adalowa atavula chipewa. Adalandira foni ndi manja awiri, mwaulemu. Adadina katatu, chala chikuyenda mofulumira, n'kupukusa mutu.

"Lero silinasunge kanthu, bwana. Onani nokha. Chimene chilimo ndi cha aKopolo chija basi."

"Wafufuta! Wafufuta pamaso panu! Muoneni mchira, chibonga cha aKopolo chimenecho!"

"Ndinagwa pa makwerero, bwana. Ntchito yathuyi."

Sajeni adabweza foni kwa mwini wake. "Sisitala, ife timakulemekezani. Koma Lolemba mudatiimbira kuti wakuba ndi Bwampini, tidamuchotsa. Lero mukuti ndi Injiniya. Mawa mudzati ndine. Pitani mukagone."

Likongwe adamutsegulira chitseko. "Belu lija lawerama, Sisitala," adatero motsitsa mawu. "Mukafuna, ndibwera ndidzaliwongole."

Sisitala adayenda masiku awiri akufunsa za Bwampini. Adakamupeza pa chigayo china kutali, akusesa gaga. Masaya adali atalowa m'kati, nsagwada itamangidwa ndi kansalu. Sisitala adagwada pa fumbi pomwepo.

"Alamu, ndalakwa. Ndamuona ndekha. Munkanena zoona."

Bwampini adaimika tsache. "Atsala angati?"

"Palibe."



"Tiyeni tibwerere kwathu," adatero Sisitala. "Ndikauza aliyense. Ndikaima pamsika ndikanene."

"Ndikalondere chiyani?"



"Pali chimene sindidakuuzeni tsiku lija," adatero Bwampini, "chifukwa simukadamva. Dzira la kumanzereli lidali litayamba kugogoda. Ndinkalimva pa dzino apa, pang'onopang'ono, likagogoda n'kupuma, likagogoda n'kupuma. N'chifukwa chake ndidakana kulavulira pa dothi. Likadaswa tsiku lomwelo, mwina mawa lake."

Adatola tsache lake n'kupitiriza kusesa. Sisitala adakhalabe chogwada mpaka mwini chigayo adamupempha kuti apatuke, matumba adutse.

Pobwerera adadzera kwa Dokotala Dokowe kukatula pansi ntchito. Adapeza makwerero atatsamira khoma, Likongwe ali pamwamba akuimba, Mayi Dokowe akuvomera pansi, poti nawo adali ataikira mazira anayi sabata yomweyo. Sisitala adawakokera pambali n'kuwauza zonse, kuyambira pa bowo mpaka pa njerwa. Mayi Dokowe adamvetsera mpaka kumapeto, adamusisita pamsana, n'kunena kuti, "Pepani, Sisitala. Mwadutsa m'zambiri. Muzipuma mokwanira." Ndipo adabwerera kukagwirira Injiniya makwerero.

Ku nyumba yake Nkhanga sadalowekonso. Adalowera kutchire. N'chifukwa chake mpaka lero nkhanga simanga nyumba ya chitseko. Imaikira pobisika, imakhalira yokha mazira ake, ndipo ikaona chinthu chikuyandikira siituma wina, imakuwa ndi kukhosi kwake komwe mpaka mawu kusasa.

Yanga yathera pamenepa. Amene mudasiya mbatata paphulusa, nyamukani mukaphule nokha isanapserere.